Peyala la a Kristina ndi Alendo Opempha Zowola

Amene anapaka penti wofiira pa mtengo wa mapeyala wa a Kristina ndi a Gervazio, alamu awo, akulu ake a malemu amuna awo. Musamve zoti ndi boma, musamve zoti ndi makina. Ndi a Gervazio, ndi dzanja lawo lamanja, masanasana anthu akuona, jekete atavala.

Mtengowo anabzala ndi malemu a Benedicto chaka chimene anakatenga a Kristina kwawo ku Mayani kudzakhala nawo chitengwa m'mudzi uno, kumunsi kwa Kasina. Sanaubzale paliponse ayi. Anaubzala pamalire penipeni pa munda wawo ndi munda wa a Gervazio, poti ankawadziwa akulu awowo. Kuno malire opanda mtengo amayenda. Khasu la mnansi limadya mzere umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, ukamadzadzidzimuka mbatatesi yake ikuphukira pakhomo pa chimbudzi chako. Chimwalirireni a Benedicto, mwana wawo mmodzi yekhayo, Linda, atakwatiwa ku Lilongwe, a Kristina anatsala okha pakati pa abale a mwamuna. Mboni yawo inali mtengowo basi. Unkawadyetsanso: peyala, kamchere, mbatata yophika, tsiku lapita.

Nkhani inayamba Lamulungu lina m'nyengo ya Lenti, mapemphero atatha. A Gervazio anaimirira kutsogolo kwa tchalitchi. Iwowa ndi wapampando wa komiti ya alimi, wa komiti ya mlatho, ngakhale wa komiti ya mjigo umene unasiya kalekale kutulutsa madzi.

"Andiimbira foni," anatero, atakweza foniyo m'mwamba kuti aliyense aione. "Lachitatu kubwera alendo a bungwe lina la ku Lilongwe. Akufuna kuyeza zipatso zathu ngati zili ndi poizoni wa chuku. Ati nyumba iliyonse ibweretse zipatso zodwala, zamawanga, zowola."

Kenako a Flossie, akazi awo a wapampandowo, anaika dzanja pachifuwa.

"Zowola? Kupatsa alendo?"

A Gervazio anamwetulira ngati munthu amene yankho anagona nalo. "Amayi, tandiuzeni. Mlendo akafika pakhomo panu n'kunena kuti musavutike, ndadya kale, inu mumatani?"

"Timagwira nkhuku!" amayi anayankha onse pamodzi.

"Akati ndingomwako timadzi?"

"Timatulutsa thobwa!"

"Basitu. Alendo awa ati zowola. Ndi anthu aulemu, sakufuna kutivutitsa. Ife tisachititse mudzi manyazi."

Anthu anawomba m'manja. A Kristina okha ndi amene sanawombe.

"Alamu," anatero ali chikhalire, "anthu apempha zowola. Bwanji osangowapatsa zowolazo?"

"Alamu, za pamsika wa Mayani zisiyeni ku Mayani komweko. Kuno alendo timawamvera mumtima, osati pakamwa."

Ndiye mukanaona Lachiwiri lakelo. Amayi anakhala pakhonde kupukuta magwafa ndi zitenje, limodzilimodzi, mpaka kuwala. A Flossie anadzoza papaya lawo mafuta ophikira. A Zikhalo, mkulu wina amene mtengo wake wa magwafa uli ndi mphutsi chibadwire chake, anakwera njinga kukagula maapozi ku Dedza boma, n'kubwera nawo timapepala ta m'sitolo tili chimatire. M'mudzi muno mulibe mtengo wa maapozi ngakhale umodzi, koma palibe anafunsa.

A Kristina anatenga beseni lawo lobooka n'kupita pansi pa mtengo wawo. Anatola amene anagwa ndi mvula: akuda, ofewa, ena atamera tiubweya totuwa pamene panang'ambika. Munthu akapempha chinthu umamupatsa chinthucho. Umu ndi mmene anakulira iwo.

Mlendo anafika Lachitatu wapansi, poti galimoto inakanika kutsika chitunda chifukwa cha matope, inatsala kumsewu. Anali mtsikana wochepa thupi wa ku Mpoto, dzina lake a Wezzie, atavala majombo, bokosi lili m'manja. M'bokosimo munali kamakina kofanana ndi wailesi yaing'ono. Anakaika pa tebulo lotchinga nsalu yoyera, ndipo a Zikhalo anapatsidwa ntchito yokafunditsa ambulera. Mlendo mwini wake anaima padzuwa.

Anthu anandanda ndi malichero awo. A Wezzie anayang'ana lichero loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ananyamula apozi, anawerenga kapepala kake, anabweza.

"Pepani abambo wapampando, kodi zowola palibe?"

"Kuno zipatso siziwola, mayi," a Gervazio anayankha. "Ndi mphepo ya kuphiri."

A Wezzie anapuma mpweya wautali, nayamba kuyeza zomwezo. Ankadula kachidutswa, kukanyenya m'kambale, kuthira madzi a m'botolo lawo, kuviika kapepala konga koyezera malungo kuchipatala, kenako kukalowetsa m'kamakina. Kamakina kankayatsa kagetsi kobiriwira. Kakayatsa, mwini chipatso ankalulutira ngati mwana wake wakhoza mayeso. Papaya la a Flossie linawapulumuka a Wezzie m'manja kawiri chifukwa cha mafuta, koma nalonso linakhoza.

Kumapeto anafika a Kristina ndi beseni lawo, ntchentche zikuwaperekeza. Amayi anabisa nkhope m'zitenje. Wina anati, "Mayo ine, Mariya woyera!"

Koma a Wezzie maso anawala. "Eya! Izi ndiye ndimafuna! Zikomo kwambiri amama!"

"Taonani ulemu wake mwanayu," a Gervazio ananong'oneza a Zikhalo, koma mokweza ndithu. "Akuchita kuyamikira nyansi kuti mwini wake asachite manyazi."

Kapepala kanalowa. Kamakina kanalira tswii tswii tswii, kagetsi kofiira kakuphethira. A Zikhalo anataya ambulera.

A Wezzie anafotokoza bwinobwino. Anati chipatso chikadwala n'kuyamba kuwola, chuku chimene chimamerapo chija nthawi zina chimasiya poizoni m'kati. Poizoniyo saoneka, samveka pakamwa, ndipo kungodula powolapo n'kudya potsalapo sikuthandiza. Sapha lero ayi, amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Anati izi zimachitika pa mtengo wa aliyense. Mawu akuti aliyensewo anawanena kawiri, koma anthu onse maso anali pa beseni la a Kristina.

"Ndibweranso," anatero a Wezzie akutseka bokosi. "Ndikufuna ndidzayeze za pamtengo umenewu kachiwiri. Muikepo kachizindikiro kuti ndisadzasokere."

Tsopano mudziwe chinthu chimodzi. A Gervazio anagwira ntchito yocheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Phiri la Dedza mpaka imvi. Amuna ambiri a m'mudzi muno anadutsako kumeneko. Kwa anthu amenewa, mtengo woikidwa chizindikiro uli ndi tanthauzo limodzi lokha: ukudikira macheka. Mlendo atangokhota pa ngodya ya tchalitchi, a Gervazio anakatulutsa chitini cha penti wofiira chimene anachoka nacho kunkhalango, n'kujambula mtanda waukulu pa thunthu la mtengo wa a Benedicto.

"Mawa tigwetsa," anatero akupukuta burashi pa udzu.

A Kristina anaima pakati pa iwo ndi mtengo. "Mlendo wati ndibweranso kudzauona. Mukufuna adzapeze chitsa? Adzayende ulendo wonse wochoka ku Lilongwe kudzapereka moni kwa chitsa? Ulemu wanu uja ndi umenewu, alamu?"

Pamenepo a Gervazio anagwidwa.

"Chabwino. Uime kaye mpaka mlendo adzautsanzike."

Masiku otsatirawo a Kristina anakwecha pentiyo ndi phulusa, ndi mchenga, ndi parafini. Penti wa kunkhalango sachoka, anapangidwa kuti apirire mvula ya kuphiri. Ndiye anatenga chitenje chawo cha amayi a mumpingo, chokhala ndi chithunzi cha Amayi Mariya, n'kuuveka mtengowo m'chiuno kubisa mtanda uja. Anati tione ngati angapake penti pa nkhope imeneyi. A Gervazio sanapake pa nkhopeyo. Anabwera ndi mpando, anavula chipewa kupereka ulemu kwa chitenje, anakwera, n'kujambula mtanda wina pamwamba pake.

Anthu anasiya kudutsa njira ya pamtengopo, ankazungulira m'chimanga. Ku kwaya, benchi ya a Kristina inatalika mwadzidzidzi, malo mbali zonse. Mayi wina amene anabwereka mchere anaubweza osautsegula.

Kenako tsiku lina m'mawa, odi. A Flossie, atagwada patali.

"Amake Linda, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Mwasokera?"

"Iii, musatero. Ndimati mutithandizeko mapeyala awiri okha."

A Kristina anawayang'ana kuyambira kumpango mpaka kuzidendene. "Si inu mukuuza anthu kuti mtengo wanga ndi wakupha?"

"Eya, n'chifukwa chake ndabwera. Makoswe atitha m'nyumba."

Anawathamangitsa ndi tsache. Koma nzeru ya a Flossie inali itafalikira kale. A Kristina akangopita kudimba, mudzi wonse unkafika ndi nsungwi kudzathyola, atavala majumbo m'manja, ena atamanga mipango pamphuno. Ankawavundika m'madeya mpaka apse bwino, n'kuwadula pakati, n'kuwaika m'nkhokwe, kuseri kwa matumba, pansi pa mabedi. Ena ankawazako ndi kamchere kuti khoswe asakayike.

Makoswe anadya. Patapita masabata angapo, makoswe a m'mudzi muno anali osaoneka bwino ndi kunenepa. Ubweya wawo unkachita kunyezimira. Anasiya kuthamanga, ankangoyenda pang'onopang'ono pabwalo masana ngati akuluakulu akuchokera kumsonkhano. Mphaka wa a Flossie anasamukira padenga.

Ndiye kunabwera gulu pakhomo pa a Kristina kudzadandaula, a Zikhalo ali patsogolo, atanyamula khoswe m'chidebe ngati umboni. Khosweyo anali mtulo.

"Mayi, ife si ana," anatero a Zikhalo. "Poizoni wanu ndi wabodza. Taonani."

"Ndinakupatsani ine? Munaba!"

"Kuba kapena kusaba, chinthu chizigwira ntchito yake."

"Ndiye mwaona nokha kuti mtengo wanga ulibe mlandu. Kafufuteni pentiyo!"

Anthu anayang'anana. Zinkamveka ndithu. Koma a Gervazio anawerama, anamuyang'anitsitsa khosweyo, anamugwira pamimba ndi kamtengo.

"Mlendo anati chiyani? Anati sapha lero, amagwira chiwindi pang'onopang'ono. Uku si kunenepa, abale anga. Uku ndi kutupa."

"Aaa, n'kutupa eti!" Gulu linabwerera litakhutira, ndipo madzulo ake linathyolanso ena.

Uthenga unafika woti mlendo abweranso Lachisanu. A Gervazio analamula kuti Lachinayi mudzi wonse usesedwe, pansi pa mtengo uliwonse pasapezeke chowola ngakhale chimodzi, mlendo angaone ngati tinamunamiza. Anthu anasesa. Zowola zinadzaza madengu, poti chaka chino mvula inachuluka ndipo magwafa ankangothothoka okha. Funso linali loti zikatayidwe kuti. Kudzala ayi, mlendo angasuzumireko. Kumtsinje ayi, adutsa pomwepo.

"Kwa wodwala kale," anatero a Gervazio. "Sangadwale kawiri."

A Kristina pobwera kudimba anapeza mulu wofika m'chiuno pansi pa mtengo wawo. Magwafa amphutsi, mapapaya ophwanyika, nthochi zakuda bii, malalanje obiriwira ndi chuku, fungo lake lofika kumsewu. Mbuzi zinali pamwamba pa muluwo ngati zagula malowo. A Kristina anaima khasu lili paphewa. Anakweza khasu kuti ayambe kukokolola, kenako analitsitsa. Ayi. Asiye. Mlendo ankafuna zowola za mudzi wonse, ndiye izi, zadzibweretsa zokha.

Lachisanu a Wezzie anafikanso wapansi, galimoto itatsalanso kumsewu. Ataona mitanda iwiri yofiira ndi chitenje anaima kaye.

"Ndinati kachizindikiro."

"Tinaopa mungasokere," a Gervazio anayankha.

Koma ataona muluwo anaiwala za penti. Anavala magolovesi, anagwada pomwepo, osadikira tebulo kapena ambulera. Gwafa: tswii tswii. Papaya: tswii tswii. Lalanje linakhoza, nthochi ina inakhoza, koma gwafa lachiwiri linaliranso. Anthu anali atazungulira patali, aliyense akuyang'ana kumwamba ngati sakudziwa gwafa lake.

"Magwafawa ndi a ndani?" a Wezzie anafunsa.

Anthu anapitiriza kuyang'ana kumwamba.

"Nanga mapapayawa?"

"Agwa mumtengomu," anatero a Gervazio.

A Wezzie anayang'ana m'mwamba, m'masamba a mapeyala. Anayang'ana a Gervazio. "Abambo, mtengo wa mapeyala kubereka magwafa?"

"Ndiye kudwala kwakeko, mayi. Kwafika poipa."

"Bodza!" a Kristina anakuwa. "Gwafa ilo ndi la a Zikhalo, mphutsi zake ndimazidziwa! Papaya ilo ndi la amake Gibson, a Flossie awo abisala kumbuyo kwa anzawowo! Tulukani amake Gibson, mudzalandire zotsatira za mwana wanu!"

Ena anaseka osafuna. A Wezzie anapempha a Kristina peyala labwino la mumtengo womwewo. A Kristina anakatenga limene anavundika m'nyumba, analidula pakati, lachikasu bwino, lopanda banga. Theka anapereka kwa mlendo, theka linalo analidya iwo pomwepo anthu akuona, mpaka kunyambita khungu. Kapepala kanalowa m'kamakina. Kagetsi kobiriwira.

A Wezzie anaimirira, anavula magolovesi, analankhula mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

"Mtengo uwu ulibe vuto. Mwamva? Poizoni ali m'zipatso zowola, kaya ndi za mtengo uti. Zowola muzikumbira dzenje n'kukwirira. Musapatse ana, musaphikire kachasu, musadule powola n'kudya potsala. Koma mtengowu musadule. Ndikubwereza, musadule."

"Zoona!" anthu anayankha. "Zoona, mayi!" Anawomba m'manja nthawi yaitali. A Gervazio anathokoza mlendo m'malo mwa komiti ya alimi, m'malo mwa komiti ya mlatho, ndi m'malo mwa komiti ya mjigo. Pomaliza anatembenukira kwa a Zikhalo akugwedeza mutu. "Mwana woleredwa bwino ameneyu. Makolo ake anagwira ntchito."

A Kristina anamva mawuwo ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni a Benedicto anagwirizana ndi alamu awo. Mtima unatsika. Anamasula chitenje chija pamtengo, anachikung'untha, anachipinda ngati nkhata.

"Mayi, bokosilo ndisenza ine. Ndikuperekezani mpaka kumsewu."

"Musavutike amama, ndi lopepuka."

"Ndamva kale zimenezo," anatero a Kristina, bokosi lili kale pamutu. Ankafuna mudzi wonse uone kuti wa ku Mayani nayenso amadziwa kuperekeza mlendo.

Njira ya kumsewu ndi yaitali, yokwera, yoterera. Anayenda akucheza. A Wezzie anafunsa za Linda, a Kristina anafunsa ngati kwawo ku Mpoto kuli mapeyala, ndiponso chifukwa chake mtsikana wophunzira chonchi sanakwatiwe. Atafika kumsewu anapeza galimoto yokhoma, dalaivala atapita kukasaka tchipisi. Anakhala pa mwala kudikira. Kutali kumunsi kunkamveka makina ochekera matabwa akulira, koma kuno kulira kumeneko kuli ngati kulira kwa tambala, palibe amatembenuka. A Kristina anali pakati pofotokoza mmene a Benedicto anabweretsera nthangala ya mtengowo m'thumba la malaya kuchokera kwa abambo mfumu ku mishoni.

Dalaivala anachedwa kwambiri. Pamene ankatulukira akutokosa m'mano, kumunsi kunamveka nyimbo. Anali amayi a m'mudzi akukwera chitunda, a Flossie patsogolo atasenza dengu lalikulu, a Gervazio pambuyo akupuma movutikira.

"Mwayi wake takupezani!" anatero a Flossie akutula dengu pamapazi pa mlendo. "Kamphatso kochepa. Mukadyere kunyumba."

Dengulo linali lodzaza mapeyala. Akuluakulu, a khosi lalitali, osalala, tsaya limodzi lofiirira ndi dzuwa, masamba ake akadali awisi.

A Kristina anatola limodzi. Analitembenuza m'manja. Mapeyala ofiira tsaya chonchi amabereka kunsonga kwenikweni, kumene nsungwi siifika, kumene ngakhale a Benedicto ali mnyamata sanakwereko. Zaka zonsezi iwo ankangowaona ali pansi, akudyedwa ndi mileme. Kuti munthu awagwire ndi manja, nsongayo iyenera kubwera pansi.

Anayang'ana jekete la a Gervazio. Paphewa panali utuchi.

"Alamu."

"Wagwa bwino, alamu, musadandaule. Sunakhudze nyumba. Wagwera mbali ya kumunda."

A Wezzie anaimirira pamwala paja. "Mwadula? Ndinati musadule! Ndinanena kawiri!"

"Tinamva, mayi, ndipo tathokoza," a Gervazio anayankha atagwira chipewa pachifuwa. "Munali pakhomo pa mwini mtengo, mutalandira peyala lake. Mukanati dulani pamaso pake? Sizikanatheka. Munati musadule kawiri konse, ndiye tinadziwa kuti nkhaniyi ndi yachangu."

"Ine ndimatanthauza zomwe ndinanenazo!"

"Taonani," a Gervazio anauza amayi aja. "Mpaka pano."

Amayi anang'ung'udza moyamikira.

"Nanga ngati mukuti ndi apoizoni," anatero a Wezzie, "mukundipatsiranji ine?"

"Iii, mayi," anatero a Flossie, "tikanakusiyani mupite chimanjamanja? Abwino onse m'mudzi ndi amenewa. Komanso inu muli ndi makina, muziyeza musanadye."

Dalaivala, amene sankadziwa kanthu, anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kukweza dengulo, akuti mapeyala otere ku Lilongwe sapezeka. A Wezzie anawagwira dzanja a Kristina, ananena kuti pepani amama, akauza akuluakulu awo, adzabweranso. Ankalira. A Kristina sanalire. Anangoima ndi peyala limodzi lija m'manja mpaka galimoto inakhota.

Potsika chitunda palibe amene anaimba. Atafika pamtunda pamene mudzi umaonekera, a Kristina anaona denga la nyumba yawo lili poyera, ndi thambo lalikulu pamalo pamene sipanakhalepo thambo. Mtengo unali chigonere m'munda, wagwera mbali ya a Kristina, nthambi zake zitaphwanya chimanga. Amuna anali atayamba kale kuyeza thunthu ndi mapazi, akukambirana za matabwa.

A Gervazio anawayandikira, anatsitsa mawu ngati munthu wachifundo.

"Chitsa tizula Loweruka, alamu, chingakupunthwitseni. Za malire musade nkhawa. Ndikukumbukira bwinobwino pamene anali."

Ndiye inu amene mwawerenga mpaka pano, musangotseka n'kupita. Kamakina kananena, mlendo ananena, makoswe omwe ananena. Munthu wamasiye akanene ndi pakamwa pati kuti amveke? Loweruka likubwera, makasu anola kale. A Kristina akaime pati, akaloze chiyani? Ndiyankheni.